Disiketi Inati 64

Banja la mlongo wanga linatha chifukwa cha pulogalamu ya mizere makumi atatu imene ndinalemba ndekha. Tsiku limene ndinaimaliza ndinayenda monyang'wa ngati mseu wonse ndi wanga.

Ndimagwira ntchito yokonza makompyuta pasukulu ina yophunzitsa ntchito za muofesi. Zaka zimenezo kompyuta inali chinthu choti usanaikhudze uyambe wapukuta m'manja, ndipo pasukulu ponse wodziwa za m'mimba mwake ndinali ine ndekha. Ankanditcha a Injiniya. Pepala la uinjiniya ndinalibe, koma dzinalo sindinalikane, poti munthu akakupatsa ulemu sumufunsa kumene wautenga.

Chipinda changa chinali kuseri kwa kalasi yophunzirira kutayipa, chopanikizika, cha zenera limodzi losatseguka. Munali tebulo, mawaya, chitini cha masikuluwu, ndi buku limodzi lalikulu lothothoka chikuto limene ndinaphunziramo zonse zimene ndimadziwa. M'buku limenelo ndi mmene ndinapeza njira yofunsira kompyuta kuti ili ndi memori yochuluka bwanji popanda kuitsegula. Memori ndi timatabwa tobiriwira, totalika ngati chala, pamene kompyuta imayala ntchito imene ikugwira nthawi imeneyo. Ikachuluka kompyuta imathamanga, ikachepa imakwawa. Timatabwati ndi todula, ndipo timalowa m'thumba la shati osaoneka n'komwe.

Njira yake ndi iyi. M'kati mwa kompyuta muli kachipi kosunga nthawi, kokhala ndi kabatire kakekake, moti ngakhale magetsi azime iko sikagona. Kompyuta ikamayaka imawerenga memori yake n'kulemba nambalayo m'timabokosi tiwiri ta m'kachipiko. Kachipiko kali ndi makomo awiri, 70 ndi 71. Pakhomo 70 umatchula kabokosi kamene ukufuna, pakhomo 71 umalandira zimene zili m'katimo. Ukagogoda kawiri n'kuphatikiza mayankho awiriwo, wadziwa. Ndinailemba m'chilankhulo cha pansi penipeni, chimene makinawo amamva popanda womasulira, n'kuiika pa disiketi yakuda imene ndinkayenda nayo kulikonse.

Kwa zaka zinayi disiketi imeneyi sinandichititsepo manyazi. Ikati 8, ukatsegula upeza 8. Ikati 32, upeza 32. Mapeto ake ndinasiya kutsegula. Aphunzitsi akandifunsa kuti ndikudziwa bwanji, ndinkawayankha kuti: "Inu mumafunsa akalaliki, ine ndimafunsa mwini wake." Ankaseka, ine n'kumakula mutu.

Alamu anga, mwamuna wa mlongo wanga wamng'ono, ndinawalowetsa ntchito pasukulupo ndine. Anali wosunga katundu, mwini makiyi a chipinda chosungiramo mapepala, mipando yothyoka ndi chilichonse chatsopano chisanagawidwe. Anali munthu wochedwa kuyankhula, wochedwa kudya, wochedwa kupsa mtima. Ndinkawanyoza kuti nyumba itayaka moto iwo angayambe apinda bulangete. Iwo ankangoti, "Bulangete lake ndi limodzi, alamu." Makiyi ankawamangirira pa lamba ndi chingwe cha nsapato. Ndinkawakonda ndithu, ngakhale ndinkawaona ngati munthu wondichepera nzeru.

Chaka chimenecho bungwe lina lakunja linatipatsa makompyuta makumi awiri atsopano, opanda pulogalamu iliyonse m'kati. Pepala lobwera nawo linati iliyonse ili ndi memori 128, timatabwa tiwiri ta 64. Kumbuyo kwa iliyonse kunali sitika yofiira yomata chivundikiro, yochenjeza kuti ukaing'amba, kompyutayo ikawonongeka usawadandaulire otipatsawo. Kalasi yake inali isanathe kuikidwa mawaya, choncho makompyutawo anagona kwa alamu masabata atatu.

Lolemba lina abwana, mkulu wa sukulu, anandiuza kuti ndiwayese onse kuti alembe kalata yothokoza. Ndinakokera waya wa magetsi m'chipinda cha katundu, alamu akundinyamulira sikirini. Ndinalowetsa disiketi m'kompyuta yoyamba. Inati 64. Yachiwiri, 64. Yachisanu, 64. Yomaliza nayonso inati 64.

Munthu wanzeru akanaima pomwepo. Makompyuta makumi awiri, yankho limodzi, osasiyana ngakhale pang'ono. Koma ine ndinawerenga zina. Ndinati m'mtima, wakuba wochenjera ndi ameneyu, wazula kathabwa kamodzi m'iliyonse kuti zonse zizingoyakabe. Nditayang'ana kumbuyo ndinapeza masitika awiri atamatuka m'makona. M'chipindamo munali chinyontho, khoma linali lakuda ndi nkhungu, koma zimenezo maso anga sanafune kuziona.

"Zili bwino?" anafunsa alamu, ali chiimire ndi sikirini m'manja.

"Ikani pansi," ndinatero.

Masana omwewo tinali atatu muofesi ya abwana. Pepala langa linali patebulo, mizere makumi awiri, uliwonse 64. Abwana anafunsa kuti makiyi amasunga ndani, ngati samadziwa. Alamu anati amasunga okha, ndipo sanabwerekepo munthu. Sanadziwe kuti akudzimangirira okha chingwe m'khosi.

"Ndiye theka la memori lapita kuti?"

"Bwana, ine ngakhale maonekedwe ake sindiwadziwa." Kenaka anatembenukira kwa ine. "Alamu, tatsegulani imodzi yokha tione."

"Tikang'amba sitika, otipatsawo asamba m'manja," anatero abwana. Kenaka anandiyang'ana ine. "Kapena a Injiniya, pali chifukwa chotsegulira?"

Ndikanati chilipo, abwana akanavomera. Ndikudziwa zimenezi chifukwa pa nkhani za makompyuta sanandikanirepo kanthu. Koma funsolo linandilasa ngati akukayikira disiketi yanga pamaso pa wosunga katundu. Komanso ndinali ndi mantha akuti anthu anganene kuti ndikubisa mlamu wanga, poti ndine ndinamubweretsa.

"Palibe chifukwa, bwana," ndinatero. "Nambalayi sindinaipeke ine. Yachokera m'chitsulo chenichenicho."

Alamu anandiyang'ana nthawi yaitali, osakwiya, ngati munthu amene akuyesa kukumbukira kumene anandionapo.

Abwana anawapatsa njira ziwiri. Asayine kalata yovomera mlandu n'kuchoka mwakachetechete, kapena nkhani ipite kupolisi. Alamu anali ndi mwana wamkazi wa zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo ankadziwa kuti kupolisi mboni ikakhala ine ndi pepala langa. Anasayina. Anamasula chingwe cha nsapato chija pa lamba mosafulumira, n'kuika makiyi patebulo.

Mmawa mwake mlongo wanga anabwera kuchipinda changa cha ntchito. Sanakhale pansi. Kuti mumvetse, bambo athu anachotsedwa ntchito chifukwa cha kuba ife tili ana, ndipo iwo anabadi. Tinakula tikulozedwa zala. Kunyumba kwa anzathu tikalowa, amayi awo ankachotsa wailesi patebulo. Mlongo wanga analumbira ali kamtsikana kuti umphawi angaupirire, matenda angawapirire, koma mwana wake sadzatchedwa mwana wa mbava.

"Achimwene, iye akulumbira kuti sanabe. Akuti anasayina chifukwa cha mantha. Inu mukuti chiyani?"

Sindinamuyankhe ndi pakamwa. Ndinamutengera pa kompyuta imodzi mwa zija, ndinalowetsa disiketi, ndinamuonetsa 64, kenaka ndinamuonetsa 128 papepala. Iye nambalazo sanaziyang'ane kwenikweni. Ankayang'ana nkhope yanga.

"Simungalakwitse?"

"Ine ndingalakwitse. Ichi ayi."

Patapita masiku anayi anafika kunyumba kwanga ndi zikwama ziwiri ndi mwana. Zimene zinachitika pakhomo pawo pochoka sindinazione, ndinangomva kuti anthu oyandikana nawo anatuluka kudzaonerera. Ndinamupatsa chipinda chimene ndinkasungiramo makompyuta akufa. Ndinkadziona ngati mchimwene wabwino, wolandira mlongo wake pa tsoka. Kunena zoona, ndinkayenda ndi kamtima kokoma ka munthu amene wasankha chilungamo kuposa chibale.

Mawaya a kalasi ija anachedwa miyezi itatu. Atatha, ndinayala makompyuta onse pamatebulo n'kuyamba kuikamo pulogalamu yaikulu yoyendetsera zonse. Yoyamba itamaliza, ndinatsegula tsamba lofotokoza za makinawo, mwa chizolowezi chabe. Panalembedwa kuti memori 128.

Ndinaseka. Ndinati pulogalamu za masiku ano ndi zabodza, zikungowerenga zimene fakitale inalemba. Ndinayesa yachiwiri. 128. Ndinalowetsa disiketi yanga m'kompyuta yomweyo. 64. Pamenepo ndinakhala pa mpando wa ophunzira.

Ndinakatenga sikuludiraiva. Sitika yofiira ija ndinaing'amba ndi chikhadabo, ndinamasula masikuluwu awiri, ndinachotsa chivundikiro. Timatabwa tiwiri tinali m'malo mwake, tokhomedwa bwino, kafumbi kosalala kali pamwamba, popanda chala chimene chinakhudzapo. Ndinatsegula yachiwiri ndi yachitatu. Ndinapita pa ziwiri zija za masitika omatuka. Zonse zinali zokwanira.

Ndinachitanso chinthu chimodzi, chimene mpaka lero chimandiwawa kuchikumbukira. Ndinazula kathabwa kamodzi, n'kuyatsa ndi disiketi. Inati 64. Ndinakabwezera. Inati 64. Kaya wina abe, kaya asabe, disiketi yanga ikanayankha chimodzimodzi.

Yankho linali m'buku langa lomwe lija, patsamba lomwelo, pansi penipeni m'timalemba ting'onoting'ono. Timabokosi tiwiri ta m'kachipi tili ndi polekezera. Nambala yaikulu imene tinganyamule imathera pa 64, ndipo memori ikaposa pamenepo kompyuta imangolemba yomalizayo. Zili ngati ndowa pampopi, ikadzaza yadzaza, siikuuza kuti m'thanki mwatsala madzi ochuluka bwanji. Makompyuta onse amene ndinayesapo zaka zinayi zija anali aang'ono, ndowa inali isanadzazepo. Tsambalo ndinaliwerenga mpaka pamene pulogalamu yanga inagwira ntchito, n'kutseka buku. Akuti safunsa anadya phula, koma phula langa anadya ndi munthu wina.

Ndinapita kwa abwana ndi kompyuta yotsegula m'manja. Anasuzumira m'katimo, anawerenga timatabwa ndi chala, n'kukatseka chitseko cha ofesi.

"Mwang'amba masitika angati?"

"Asanu, bwana. Koma nkhani si imeneyo. Munthu uja sanabe."

"Anasayina yekha."

"Anasayina chifukwa cha pepala langa."

"Ndiye mukufuna ndilembere otipatsa aja kuti katundu amene tinati wabedwa sanabedwe, ndipo tinachotsa munthu wosalakwa? Adzatipatsanso kanthu amenewo? Pamalo pakenso pali munthu wina, miyezi iwiri tsopano. Nayenso ali ndi ana." Anapukuta magalasi awo. "Madzi akatayika saoleka, a Injiniya. Bwezerani zivundikirozo."

Ndinapempha pepala, ndinalemba pomwepo kuti wolakwa ndine, ndinafotokoza za timabokosi tiwiri tija, ndinasayina. Ndinalemba makalata awiri ofanana. Ina abwana anailandira ndi zala ziwiri n'kuiika m'dirowa ya pansi. Sanandichotse ntchito. Wokonza makompyuta analipo mmodzi yekha, pamene osunga makiyi ali mbwee pageti. Inayo ndinaipinda n'kuika m'thumba.

Alamu ndinawapeza Lachinayi masana kuseri kwa masitolo ogulitsa zomangira nyumba, akukweza matumba a simenti mulole. Anali ataonda, khosi litatalika, tsitsi ndi nsidze zili mbuu. Ndinaima pafupi ndi mulu wa malata mpaka lole inadzaza. Anandiona kalekale, koma sanafulumire. Atamaliza anasamba m'manja pa mgolo wa madzi, n'kubwera.

"Alamu," anatero.

Mawu onse amene ndinakonza m'njira anathawa. Ndinangowapatsa kalata. Anaiwerenga pang'onopang'ono, milomo ikugwedera, mpaka pansi. Anaipinda mmene inalili.

"Ndiye mwabwera kudzandiuza kuti sindinabe."

"Eya."

"Ndimadziwa kale, alamu. Inetu ndinalipo pamene sindimabapo."

Sanaseke, inenso sindinaseke. Ndinati andikhululukire. Ndinati ndiyenda ndi kalatayo paliponse pamene angafune ntchito, ndikaima ndekha pamaso pa aliyense. Anagwedeza mutu ngati ndikuwauza za nyengo.

"Kalatayi ndisunga. Mwina mwana adzaiwerenga akakula." Anayang'ana kumene kunkabwera lole ina. "Mayi ake akudziwa?"

"Ndikamuuza lero."

"Kamuuzeni. Koma musamuuze kuti abwerere."

"Alamu, iye analakwa chifukwa cha ine. Ndine ndinamu..."

"Inu munalakwitsa masamu. Zimachitika, ngakhale kuno timawerenga matumba molakwika. Koma iye wakhala nane zaka zisanu ndi zitatu. Amadziwa kuti ndikatola cholembera cha munthu ndimayenda nacho mpaka ndimupeze. Ndinamugwadira, alamu, anthu akuona. Anakhuthula matumba a buluku langa pakhonde, kuti aone ngati muli timatabwa tanuto. Zimenezo sizinatuluke m'disiketi yanu." Anaika kalata m'kati mwa shati. "Mwana yekha azibwera Loweruka. Ndamusowa."

Kapitawo anawaitana, iwo anapita. Ndinaona thumba loyamba likutera pamsana pawo, fumbi n'kuwakwirira.

Ndinafika kunyumba dzuwa likadalipo. Mlongo wanga anali pabalaza akusita yunifolomu ya mwana pa bulangete loyala patebulo. Mwanayo anali kwa anzake. Ndinakhala pampando wa pafupi ndi chitseko n'kunena zonse, kuyambira pa 128 mpaka pa timalemba ta pansi pa tsamba. Sindinadzichepetsere mlandu. Iye anaimika simbi n'kumvetsera mpaka ndinamaliza.

"Palibe chimene chinasowa?"

"Palibe."

"Ngakhale kamodzi?"

"Ngakhale kamodzi."

Anagwira m'mphepete mwa tebulo ndi manja onse awiri. Ndinkadikira kuti alire kapena anditukwane, ndipo kutukwanako ndinkakufuna. Koma anafunsa ndi mawu otsika.

"Kutsegula kompyuta imodzi kumatenga nthawi yaitali bwanji?"

"Mphindi ziwiri."

"Iye anakupemphani?"

"Anandipempha."

Analowa kuchipinda. Ndinamva chikwama chikukokedwa pansi pa bedi, zipi ikutseguka, madirowa akukhuthulidwa. Mtima wanga unawawa kuposa muofesi ya abwana muja, chifukwa uthenga ndinali nditanena theka lokha. Ndinakaima pakhomo la chipindacho. Anali atagwada, akupinda madiresi a mwana mofulumira.

"Mwamuona? Akukhala kuti tsopano? Minibasi yake ndi iti?"

"Ndawaona. Anati ndikuuze zoona zonse." Kenaka ndinamaliza uthengawo. "Anatinso usabwerere. Mwana yekha azipita Loweruka."

Manja ake anaima. Anakhala pansi pomwepo, diresi lili pamiyendo. Sanafunse chifukwa. Ankachidziwa kuposa ine, poti pakhonde paja analipo ndi iyeyo. Panja wina ankatsuka ndowa pampopi, madzi akuchita phokoso, ndipo tinamvetsera zimenezo kwa nthawi ndithu.

"Pali china chimene iye sakudziwa," anatero pomaliza. "Inunso simukudziwa. Titasamukira kuno, kusukulu yatsopanoyi mwana sindinamulembetse dzina la bambo ake. Ndinamulembetsa lathu, lanu lomweli. Ndinamuphunzitsa kuti akafunsidwa aziyankha limenelo. Analira sabata yonse, koma pano anazolowera. Pamakope ake onse analemba yekha."

Anaika diresi lija pabedi n'kupitiriza.

"Loweruka apita ndi makopewo, chifukwa bambo ake amakonda kuona zimene walemba." Anatukula mutu n'kundiyang'ana koyamba chiyambire kupinda zovala. "Mumuperekeza ndinu, achimwene. Ndipo akamatsegula chikwamacho mukakhale pomwepo."